Yagulidwa mamiliyoni atatu, eni ake akuti yalephera

Mu March 2013 kampani ya ku Japan ya Square Enix inatulutsa gemu ya Tomb Raider, ndipo mwezi usanathe makope 3.4 miliyoni anali atagulidwa. Olemba nkhani za magemu anaiyamikira, osewera nawo anaikonda. Koma akuluakulu a kampaniyo atakumana ndi eni masheya ananena poyera kuti gemuyo sinafike pamene ankayembekezera. Hitman: Absolution, yomwe inali itagulidwa makope 3.6 miliyoni, anaiika m'gulu lomwelo la zokhumudwitsa. Chaka chimenecho kampani inaluza ndalama zambiri, ndipo mkulu wake, Yoichi Wada, anatula pansi udindo.

Nkhani imeneyi inandizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Ine ndili ndi kashopu ka PlayStation ku Area 25 kuno ku Lilongwe, komwe anyamata amabwera kudzamenya mpira wa pa sikirini akaweruka kusukulu kapena kuganyu, ndiye za ndalama yolowa ndi yotuluka ndimazidziwa pa msinkhu wanga. Anthu 3.4 miliyoni ndi ochuluka kuposa onse okhala mumzinda wa Lilongwe ndi wa Blantyre mutawaphatikiza. Aliyense wa iwo wapisa m'thumba kugula katundu wako m'masabata anayi okha, iwe n'kumati malonda sanayende? Ambiri amati ndi dyera basi. Dyera lilipo ndithu, ndifikako. Koma mukatsatira malipoti a makampani amenewa muona kuti bizinesi yonse anaimanga moti gemu yongochita bwino siikwanira. Imafunika gemu yoti dziko lonse lapansi liigule, ndipo magemu otero pa chaka amawerengeka ndi zala.

Makampani sakonda kuulula ndalama zimene amawononga popanga gemu, koma mu 2023 manambala ena anatuluka mwangozi. Pa mlandu umene boma la America linkafuna kuletsa Microsoft kugula kampani ya magemu ya Activision Blizzard, a Sony anapereka kalata kukhoti atafufuta manambala ndi cholembera chakuda, koma pepalalo litajambulidwa manambalawo ankaonekabe. Anthu anawerenga kuti The Last of Us Part II inadya madola 220 miliyoni, ndipo Horizon Forbidden West inadya madola 212 miliyoni, anthu oposa 300 atagwira ntchito zaka zisanu. Zotsatsira malonda sizinali m'menemo. Mu December chaka chomwecho mbava za pa intaneti zinathyola makompyuta a situdiyo ya Insomniac, ndipo zinadziwika kuti gemu yake ya Spider-Man 2 inadya pafupifupi madola 300 miliyoni. Zambiri mwa ndalamazi ndi malipiro. Ojambula, olemba mapulogalamu, opeka nyimbo, ochita zisudzo, oyesa gemu kuti aone pamene ikulakwika, onsewa amalandira mwezi ndi mwezi ku California kapena ku Amsterdam komwe moyo ndi wodula, ndipo zaka zonsezo palibe ngakhale tambala imodzi imene gemuyo ikubweretsa.

Uku ndalama zopangira zikukwera, mtengo wogulitsira unangokhala pamodzimodzi. Kuyambira cha m'ma 2005 gemu yatsopano ku America inkagulidwa madola 60, ndipo zinakhala choncho mpaka 2020 pamene Take-Two inaika NBA 2K21 pa madola 70, ena n'kutsatira. Tsopano chitani masamu nokha. Pa madola 70 amenewo mwini sitolo ya pa intaneti, kaya ndi Sony, Microsoft kapena Steam, nthawi zambiri amatengapo 30 peresenti, ndiye kampani imatsala ndi madola 49. Ngati gemu yadya madola 300 miliyoni, pakufunika makope oposa 6 miliyoni pa mtengo wathunthu kuti mpamba wokha ubwerere. Pamenepo simunaike zikwangwani, mavidiyo a pa YouTube ndi zina zotsatsira, zomwe nazo zimadya mamiliyoni ambirimbiri, ndipo simunawerengere ogula amene amadikira miyezi ingapo kuti mtengo utsike ndi theka. Chinanso, gemu yopambana siidzilipirira yokha. Imasenzanso ina imene inalephera, ndi ina imene anaisiya panjira atatayirapo kale zaka zitatu.

N'chifukwa chake gemu yaikulu imatuluka tsiku limodzi ku New York, ku Berlin, ku São Paulo, ku Riyadh ndi ku Seoul, itamasuliridwa kale m'zilankhulo zambiri. Ndi misika yochepa kwambiri imene payokha ingabweze ndalama zotere. Umodzi ndi wa China, komwe kunachokera ogula ambiri a Black Myth: Wukong, gemu imene inagulidwa makope 10 miliyoni m'masiku atatu mu August 2024.

Kampani imene ndimaitsatira kwambiri pa nkhaniyi ndi Take-Two Interactive, eni ake a Rockstar Games, situdiyo imene imapanga magemu a Grand Theft Auto (GTA). Grand Theft Auto V inatuluka pa 17 September 2013. Tsiku loyamba lokha inalowetsa madola 800 miliyoni, ndipo pofika tsiku lachitatu inali itadutsa biliyoni imodzi. Inayamba pa PlayStation 3, anaitulutsanso pa PlayStation 4 mu 2014, pa kompyuta mu 2015, kenaka pa PlayStation 5 mu 2022. Lero makope ogulidwa adutsa 200 miliyoni. Mwana amene anabadwa sabata imene gemuyi inatuluka wafika msinkhu wa Sitandade 8, koma gemuyo ikupezekabe pa mndandanda wa magemu ogulidwa kwambiri.

Kugulitsa disiki ndi gawo limodzi chabe. Mkati mwake muli GTA Online, momwe anthu amasewera limodzi pa intaneti, ndipo amene akufuna galimoto yothamanga kapena nyumba yapamwamba m'dziko la gemulo koma alibe nthawi yoitolera ndalama pang'onopang'ono amagula ma Shark Card ndi ndalama yeniyeni. Zaka zoposa khumi anthu akhala akulipira choncho. Ku Take-Two yonse, ndalama zimene osewera amapitiriza kulipira mkati mwa magemu zimaposa magawo atatu mwa magawo anayi a zonse zimene kampani imapeza. Ndiye gemu ikagunda padziko lonse imakhala ikulowetsa ndalama mwezi uliwonse kwa zaka, ndipo n'chifukwa chake kampani iliyonse ikulakalaka kukhala nayo yotere.

Ngakhale zili choncho, Take-Two yakhala ikulengeza kuluza. Mu 2022 inagula Zynga, kampani ya magemu a pa foni, pa madola 12.7 biliyoni, mwa zina pofuna kuti isamangodalira Rockstar. M'chaka chachuma chothera mu March 2024 inalengeza kuti yaluza madola 3.7 biliyoni, chaka chotsatira madola 4.5 biliyoni. Zambiri mwa izi ndi za m'mabuku, kuvomereza kuti zimene anagula zija zinalibe mtengo umene analipira. Komabe eni masheya sanathawe, chifukwa onse maso ali pa GTA VI. Poyamba mkulu wa kampaniyi, Strauss Zelnick, ankati ituluka kumapeto kwa 2025. Mu May 2025 anasuntha tsiku n'kuliika pa 26 May 2026, ndipo mu November analisunthanso kufika pa 19 November 2026. Maulendo onse awiri masheya anatsika nthawi yomweyo. Iyi ndi kampani ya antchito oposa 12,000, ili ndi NBA 2K, Borderlands, Civilization ndi Red Dead Redemption, koma tsogolo lake anthu akuliwerengera pa tsiku limodzi la pa kalendala. Ine zimenezi zimandiopsa. Anthu onsewo ali ndi ana, ali ndi lendi yoti alipire, ndipo ambiri a iwo sanagwireko n'komwe ntchito ya GTA VI.

Ena sasiyana kwenikweni. Activision Blizzard isanagulidwe inkalemba yokha m'malipoti ake a pachaka kuti mayina atatu okha, Call of Duty, Warcraft ndi Candy Crush, ankabweretsa zoposa magawo atatu mwa anayi a ndalama zake zonse. Electronic Arts (EA) imadalira gemu yake ya mpira. FIFA yoyamba inatuluka mu 1993, koma chimene chinasintha zinthu ndi Ultimate Team, imene inabwera mu 2009, momwe munthu amagula mapaketi a osewera osadziwa kuti mkati mupezeka ndani. M'chaka chachuma cha 2021 Ultimate Team inalowetsa madola 1.62 biliyoni. Boma la Belgium linaona kuti izi n'chimodzimodzi juga, ndipo mu 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira mapaketiwo kumeneko. Ine ndikugwirizana ndi a ku Belgium, chifukwa ndimaona tsiku ndi tsiku mmene mwana wa zaka 14 amalakalakira kupambana. Mu January 2025 EA itanena kuti gemu yake ya mpira ya FC 25 sinayende bwino monga ankafunira, komanso kuti Dragon Age: The Veilguard inapeza theka chabe la osewera amene ankayembekezera, masheya ake anagwa ndi pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi.

Bwerani ku shopu kwanga Loweruka masana muone mmene nkhani yomweyi imaonekera pansi pano. Benchi imakhala yodzaza, ena aima pakhomo kusuzumira, lamulo ndi lakale lomwe lija loti wopambana akhale, woluza adzuke. Mapadi anga onse amatha malo amodzi, batani lopasira mpira ndi lothamangira, pamene mabatani ena akadali ngati atsopano. Magetsi akazima ndikayatsa jenereta, mafuta ake amalipiridwa ndi mpira womwewo. Wina akatopa ndi mpira amapempha GTA, amaba galimoto, amathamangitsana ndi apolisi kwa kanthawi, n'kubwereranso ku mpira. Dzina la gemu linasintha mu 2023 EA itasiyana ndi bungwe la FIFA, koma pa benchi yanga mawu ndi omwe aja: "Ankolo, tiikireni FIFA."

Nthawi ina achimwene anga a ku Johannesburg ananditumizira pa basi disiki ya It Takes Two, gemu yoti anthu awiri azithandizana m'malo molimbana. Kunja inagulidwa kwambiri. Ine ndinaikonda, ndipo mtsikana wina wa Fomu 2 ankabwera ndi mchimwene wake wamng'ono madzulo kukakhala kopanda anthu, kusewera pang'onopang'ono mpaka anaimaliza. Ndinkawamva akukangana. "Iwe dumpha msanga, ine ndagwira chingwe!" Wamng'onoyo n'kumati, "Achemwali, mukundichedwetsa ndinu." Tsiku lomaliza anakhala duu kuonera mpaka mayina a opanga atatha kudutsa pa sikirini. Chimenecho ndi chimodzi mwa zinthu zokoma kwambiri zimene ndaona mu shopu muno. Koma ndikanakhala kuti disikiyo ndinagula ndi ndalama zanga, mpaka lero ikanakhala isanabweze. Madola 70 pa mtengo wa kubanki amadutsa K120,000, ndipo amene wasakapo dola posachedwapa akudziwa kuti pa mtengo umenewo siipezeka wamba. Ndikakhala ndi ndalama ya disiki imodzi pa chaka, ndimagula mpira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Choncho bwana wa kampani amene akusankha kupanga Call of Duty ina m'malo moyesa gemu yachilendo ndimamumvetsa, ngakhale kuti kusankha kwakeko kumandipweteka.

Chinthu china chimene ndimaona kuchokera pano n'chakuti akamati dziko lonse amatanthauza dziko limene lili ndi khadi la kubanki. Mukamatsegula akaunti ya PlayStation, Malawi palibe pa mndandanda wa mayiko. Ife timasankha South Africa. Anyamata anga sagula mapaketi a Ultimate Team, ambiri sanaonepo n'komwe mmene amagulira. Disiki imodzi imaseweredwa ndi anthu mazana, ndipo m'mabuku a EA onsewo ndi wogula mmodzi wa ku Johannesburg. N'chifukwa chake Bullets ndi Wanderers mu gemu mulibe, Flames mulibe. Temwa Chawinga alimo, ndi Tabitha yemwe, ndipo tsiku limene anyamata anatulukira kuti angathe kusankha Kansas City Current n'kugoletsa ndi Temwa phokoso linamveka mpaka kumsika. Koma alimo chifukwa ligi ya ku America ndi ya ku France zili ndi ogula. Kampani imene ikufunika makope mamiliyoni ambiri kuti ipume ilibe chifukwa chotumizira munthu ku Bingu Stadium kudzajambula nkhope za osewera athu.

Tsopano za dyera zija. Mu September 2017 Epic Games inatulutsa Fortnite Battle Royale, gemu yaulere, ndipo mapepala a kukhoti anadzaonetsa kuti mu 2018 ndi 2019 inalowetsa madola oposa 9 biliyoni. Kuyambira pamenepo pafupifupi kampani iliyonse yaikulu inafuna Fortnite yakeyake. Sony, imene inatchuka ndi magemu a nkhani oseweredwa ndi munthu mmodzi, inagula situdiyo ya Bungie pa madola 3.6 biliyoni mu 2022, n'kulengeza kuti ikukonza magemu 12 a mtundu wosatha uja wa pa intaneti. Vuto n'lakuti munthu ali ndi madzulo amodzi patsiku. Amene wazolowera Fortnite, anzake onse ali komweko, ndipo wawonongerako kale ndalama pa zovala za munthu wake wa mu gemu, simungomukopa ndi gemu ina yofanana nayo.

Chaka cha 2024 chinaonetsa mbali zonse ziwiri mu kampani imodzi. Mu February Sony inatulutsa Helldivers 2, yopangidwa ndi situdiyo ya Arrowhead ku Stockholm, ndipo inagulidwa makope 12 miliyoni m'masabata 12. Pa 23 August inatulutsa Concord pa madola 40. Osewera sanabwere. Pa 6 September, patangotha masabata awiri, Sony inazimitsa gemuyo, n'kubweza ndalama kwa onse amene anagula, ndipo mu October inatseka situdiyo ya Firewalk imene inaipanga. Taganizirani munthu amene anatha zaka akujambula nkhope, zida ndi mapiri a mu gemu imeneyo. Lero palibe njira yovomerezeka yoti munthu aisewere, ngakhale iye mwini. Akafuna kuonetsa mwana wake ntchito ya manja ake, ayenera kusaka vidiyo pa YouTube.

Ku Warner Bros. zinachitika motsatizana. Hogwarts Legacy inagulidwa makope oposa 22 miliyoni mu 2023, ndipo inali gemu yogulidwa kwambiri ku America chaka chimenecho, kuposa ngakhale Call of Duty. Chaka chotsatira Suicide Squad: Kill the Justice League inaluzitsa kampani madola 200 miliyoni. Oipanga anali a Rocksteady a ku London, akatswiri amene anatipatsa magemu a Batman: Arkham, koma ulendo uno anagwira ntchito ya mtundu umene sanauzolowere, ya gemu ya mfuti yoseweredwa pa intaneti. Mu February 2025 Warner inatseka masitudiyo atatu, kuphatikizapo Monolith, imene inakhalapo kuyambira m'ma 1990.

CD Projekt ya ku Warsaw inatsala pang'ono kugwa ndi gemu imodzi, n'kudzukanso ndi gemu yomweyo. Cyberpunk 2077 inatuluka pa 10 December 2020 ili yosapsa, makamaka pa PlayStation 4, mpaka Sony inaichotsa m'sitolo yake kwa miyezi isanu ndi umodzi, masheya n'kugwa kupitirira theka. Anaikonza kwa zaka zitatu, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itadutsa makope 30 miliyoni. Anapulumuka chifukwa The Witcher 3 inkagulidwabe nthawi yonseyo. Makampani ambiri alibe gemu yakale yowagwira choncho.

Chimene chimandikwiyitsa kwenikweni ndi amene amalipira mtengo malonda akalakwika, ndiponso ngakhale asanalakwike. Mu 2023 anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'makampani a magemu, ndipo mu 2024 anachuluka kuposa pamenepo. Microsoft inamaliza kugula Activision Blizzard pa madola 68.7 biliyoni mu October 2023, ndipo mu January inachotsa anthu 1,900. Mu May 2024 inatseka Tango Gameworks ya ku Tokyo, situdiyo imene chaka chapitacho inatulutsa Hi-Fi Rush, gemu imene inakondedwa n'kulandira mphoto ya BAFTA. Mwamwayi kampani ya ku Korea ya Krafton inadzaitola. Take-Two nayo mu 2024 inachotsa 5 peresenti ya antchito ake n'kutseka Roll7 ya ku London, imene gemu yake ya Rollerdrome inali itapatsidwa mphoto ya gemu yabwino kwambiri ya ku Britain. Anthu amenewa sanalephere. Anapanga magemu abwino pa ndalama zochepa. Koma kwa kampani imene yazolowera kuwerenga mabiliyoni, kagemu kobweretsa phindu la mamiliyoni ochepa kamaoneka ngati kotaya nthawi ya mabwana, ndipo pofuna kusangalatsa eni masheya kamayamba kudulidwa ndi komweko.

Imene inandikhudza kwambiri ndi Tales of Kenzera: Zau, ya mu April 2024. Anaipanga Abubakar Salim, wochita zisudzo wa ku Britain wa makolo a ku Kenya, pokumbukira bambo ake amene anamwalira. Ndi nkhani ya mnyamata wa ntchito ya using'anga amene akupangana ndi Kalunga, mulungu wa imfa, kuti amubwezere bambo ake, ndipo mungathe kuisewera anthu ake akulankhula Chiswahili. Ndinaisewera pa kompyuta ya mwana wa mlongo wanga. Kumva mawu ngati "baba" ndi "nganga" akutuluka mu gemu yotulutsidwa ndi EA kunandichititsa nthumanzi, chifukwa zaka zonsezi Africa wa m'magemu ambiri amakhala malo ongoomberanapo mfuti. Pasanathe miyezi itatu situdiyo yake, Surgent, inachotsa anthu ena ntchito, ndipo mu October inachenjeza otsala onse a mbali ya magemu kuti ntchito zawo zili pachiopsezo chifukwa ndalama za gemu yotsatira sizinapezeke. Magemu apakatikati otere, osakhala aakulu kwambiri komanso osakhala a munthu mmodzi m'chipinda chake, ndi amene akusowa malo. Ndipo ngati tsiku lina nthano za Kalulu, za Napolo kapena za Gule Wamkulu zidzalowa mu gemu yooneka bwino, zidzalowera pakhomo lomweli limene likutsekedwa.

Ena amati palibe njira ina, bizinesi yake ndi yotero. Ine sindivomereza. Nintendo inagwa kwambiri ndi Wii U, imene inagulidwa makina osakwana 14 miliyoni, ndipo kampani inakhala zaka zitatu ikuluza pa malonda ake. Mkulu wake, malemu Satoru Iwata, anadula malipiro ake ndi theka mu 2014, akuluakulu ena nawo anadulidwa, ndipo anauza eni masheya kuti anthu amene akuopa kuchotsedwa ntchito sangapange magemu osangalatsa dziko. Anthu omwewo ndi amene anapanga Switch mu 2017. Mario Kart 8, gemu ya pa Wii U yomwe ija, ataitulutsanso pa Switch inadutsa makope 60 miliyoni. Nintendo nayo imadalira mayina ochepa, Mario, Zelda, Pokémon, koma siithamangira zithunzi zooneka ngati filimu, ndipo imasunga ndalama za nthawi ya chilala. Palibe amene anakakamiza makampani enawo kuti gemu iliyonse idye madola 300 miliyoni. Anasankha okha, pofuna kuti opikisana nawo asawafikire, kenaka anakodwa m'kukula komweko.

Palinso magemu ang'onoang'ono amene amagunda. Balatro, gemu ya makadi yopangidwa ndi munthu mmodzi wa ku Canada, inagulidwa mamiliyoni angapo mu 2024. Clair Obscur: Expedition 33 inapangidwa ndi kagulu ka anthu pafupifupi 30 ku Montpellier, mothandizidwa ndi ena akunja, ndipo inagwedeza 2025. Ndimasangalala nazo kwambiri. Koma tisaiwale kuti pa Steam pokha mu 2023 panatuluka magemu oposa 14,000, ndipo ochuluka zedi palibe amene anawamva. Kusiyana kwake n'kwakuti gemu yaing'ono ikalephera amavutika ndi anthu asanu, ndipo mawa angathe kuyesanso.

Pakadali pano makampani amene atopa ndi kudikira gemu yogunda akudzigulitsa kwa amene ali ndi matumba aakulu. Square Enix ija inagulitsa Tomb Raider pamodzi ndi masitudiyo ake a kumadzulo kwa Embracer ya ku Sweden mu 2022 pa madola 300 miliyoni, ndalama yongokwana kupanga Spider-Man 2 imodzi. Ubisoft ya ku France, itapunthwa ndi Skull and Bones komanso Star Wars Outlaws mu 2024, inatenga mayina ake atatu odalirika, Assassin's Creed, Far Cry ndi Rainbow Six, n'kuwaika mu kampani yatsopano momwe Tencent ya ku China inaikamo mayuro 1.16 biliyoni. Mu September 2025 kunalengezedwa kuti EA ikugulidwa pa madola 55 biliyoni ndi gulu lotsogoleredwa ndi thumba la chuma la boma la Saudi Arabia, ndipo madola 20 biliyoni mwa amenewo ndi ngongole. Ngongole imeneyo idzabwezedwa ndi mpira ndi mapaketi a Ultimate Team. Sindikuona kampani yosenza ngongole yotero ikupatsanso mnyamata ngati Salim ndalama zoti afotokoze za bambo ake.

GTA VI idzagulidwa, pamenepo palibe wokayikira. Makampani ena akuyang'anitsitsa tsiku lake kuti magemu awo asatuluke pafupi nalo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ikadzaphwanya mbiri zonse, mabwana a makampani ena adzaphunzirapo zolakwika, kuti yankho ndi kupanga zazikulu kuposa pamenepo, ndipo masitudiyo enanso ngati Roll7 adzatsekedwa kuti ndalama zipite kumeneko. Gemuyi akuti idzatuluka pa PlayStation 5 ndi Xbox Series zokha, ndipo makina a mu shopu mwanga onse ndi PlayStation 4. Anyamata ayamba kale kufunsa, "Ankolo, GTA yatsopano ija idzakhalapo?" Ndayamba kupatula kangachepe sabata iliyonse, ndipo ndawapempha achimwene kuti aziyang'ana mitengo ya PlayStation 5 yogwiritsidwapo kale ntchito ku Johannesburg, kuti ikapezeka yabwino anditumizire November isanafike.